Ulemu wathu umamveka mwina kuno ku Joni

Achinyamata akumudzi akamandiimbira kufunsa za ntchito kuno ku Johannesburg mafunso awo amakhala omwewomwewo, mapepala, lendi, malipiro, ndi basi iti yomwe siivuta pa Mwanza, ku Tete ndi pa Beitbridge. Zonsezo nzofunika ndithu. Koma pali chinthu china chimene palibe amakuuza ukamakwera basi pa Wenela paja, ndipo ndachiona chikuchotsetsa anthu ntchito, ena chikuwadanitsa ndi anzawo iwo osadziwa n'komwe kuti chalakwika nchiyani. Ndikunena ulemu wathu wachimalawi uja, woyang'ana pansi wamkulu akamayankhula, woyankha motsitsa mawu, wongoti inde bwana olo mumtima ukukana. Kwathu limenelo ndiye khalidwe la mwana woleredwa bwino ndipo ine sindichita nalo manyazi. Vuto ndi loti kuno bwana amaumva mwina, mnzako wa dziko lino amaumvanso mwina, ndipo onse awiri samva zimene iweyo ukutanthauza.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndimagwira ntchito mukhitchini ya lesitilanti ina mbali za Randburg, ndinayamba ndi kutsuka mapoto ndi kukolopa, pano ndili pa chitofu ndikuphika. Mwini wake ndi mzungu wachiafrikaans, manejala ndi mmwenye wobadwira ku Durban, shefu wamkulu ndi mayi wachizulu amene tonse timangowaitana kuti Mama, ndiye pali atsikana awiri achixhosa, mnyamata wachipedi wa ku Limpopo, anzathu awiri a ku Zimbabwe, wina Mshona wina Mndebele, bambo wina wa ku Congo amene amaotcha nyama, ndi ife aMalawi atatu, ine, mchemwali wina wa ku Mzimba ndi mnyamata wachiyao wa ku Mangochi. Dziko lino palokha lili ndi zilankhulo 12 zovomerezeka ndi boma, chomalizacho ndi chilankhulo chamanja chomwe anachionjezera mu 2023, ndiye muwonjezerepo zathu obwerafe. Khitchini yake ndi yaing'ono, Lachisanu madzulo timakhala tikupanikizana, mafuta akuwira, ma oda akungotuluka pamakina, ndiye kusamvana pang'ono basi wina wapsa kapena kasitomala wabweza mbale.

Ndiyambe ndi mabwana. Tsiku lina bokosi la nyama ya ng'ombe linasowa mufiriza, nyama yodula, ndiye manejala anatiitana mmodzimmodzi mu kaofesi kake kakuseri, chitseko chili chotsegula tonse tikumva. Atsikana achixhosa aja analowa, kumuyang'ana m'maso, kumuyankha mokweza, mmodzi mpaka kumufunsa kuti bwanji osayamba wadzifunsa yekha poti makiyi amasunga ndi iyeyo. Atalowa mnyamata wa ku Mangochi anaima manja kumbuyo, mutu pansi, maso pa matailosi, akuyankha mawu amodziamodzi movutikira kumveka. Mmalawi aliyense akanamuona akanati uyu ndi mwana wa ulemu. Manejala anatuluka atatsimikiza kuti wakuba wamupeza, ati munthu wosalakwa sathawa maso. Amene anamupulumutsa ndi Mama. Anavula epuloni, kulowa muofesimo osagogoda, n'kumuuza kuti ngakhale kwawo ku KwaZulu-Natal mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, ndiye ngati umboni wake ndi umenewo basi, ayambe kaye waimba foni kwa otibweretsera nyama asanaipitse dzina la mwana wa eni. Ataimba zinapezeka kuti bokosilo silinatsitsidwe n'komwe mugalimoto, pepala lokha ndi lomwe linasainidwa.

Kuyambira pamenepo aliyense wobwera kumene ndimamuuza kuti nkhani ikakhala yokunamizira kapena ya ndalama, dzutsa mutu. Ngati maso akukuvuta yang'ana pamphumi pake, iye sazindikira kusiyana kwake. Yankha momveka bwino, unali kuti, nthawi yanji, unali ndi ndani. Umenewo si mwano, kwa mzungu ndi kwa mmwenye wakuno ndi mmene amadziwira kuti munthu akunena zoona. Ulemu wina uja wolandira chinthu ndi manja awiri, wopereka moni m'mawa, wosamudula munthu mawu, musautaye, umenewo amaukonda kulikonse.

China ndi kukana. Ife sitikana mwachindunji, mukudziwa nokha. Munthu akakupempha chinthu chomwe sungathe umati ndiyesetsa, tiona mmene zikhalire, ndipo Mmalawi mnzako wamva kale kuti yankho ndi ayi, nkhani yatha bwinobwino popanda wina kuchita manyazi. Manejala akamva zimenezo amalemba dzina lako pa rosta ya Lamlungu. Lamlungu lafika iwe uli kutchalitchi, foni ikungoitana muchikwama, iye akuti unalonjeza, iwe ukuti sindinalonjeze, ndipo aliyense mwa inu akukhulupirira kuti akunena zoona. Zinamuchitikira mchemwali wa ku Mzimba uja mpaka anasaina kalata ya chenjezo, ndipo chomwe chinamupweteka kwambiri si kalatayo ayi koma kumva akutchedwa wabodza, mayi wamkulu wa Umanyano. Ndinayamba kuonetsetsa mmene atsikana akuno amachitira. Amangoti ayi Lamlungu sindingathe koma Lachiwiri ndingabwere, basi, ndipo bwana sakwiya, amangotembenuka kufunsa wina. Poyamba mawu amenewo amavuta kutuluka mkamwa mwathu koma amazolowereka, ndipo amakupulumutsa ku zambiri.

Chimodzimodzi ndi kuvomera kuti wamva. Shefu akakuuza zinthu mothamanga mu Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu kenako n'kufunsa ngati wamva, mutu umangogwedera wokha chifukwa kwathu kumubwerezetsa wamkulu kumaoneka ngati chipongwe. Mukhitchini zimenezi nzoopsa, pali makasitomala ena akadya mtedza kapena zam'nyanja zija zokhala ndi zigoba amatupa pakhosi mpaka kuthamangira nawo kuchipatala. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Bwereza mokweza zomwe wamvazo, tebulo 6, nkhuku, popanda mtedza, ngati walakwitsa akukonza pompo ndipo palibe amakuona ngati wopusa.

Tsopano mbali imene imandipweteka kwambiri ndi ya anzathu akuno, ndipo ndi yomwe ndikufuna muimvetsetse. Bwana wathu anali ndi chizolowezi chotiyamikira pamaso pa onse, ati aMalawi ndi anthu abwino, sadandaula, saba, sajomba. Mbiri imeneyi ndi yakale, inayamba ndi agogo athu omwe ankabwera kumigodi kudzera ku Wenela ndi Theba, ndipo mpaka lero mukaona anthu akufuna ntchito ya m'nyumba kapena ya gadeni amayamba ndi kulemba kuti ndine Mmalawi. Poyamba zimakoma kumva. Koma taganizani mmene zimamvekera kwa mtsikana wakuno amene waima pambali pako, bwana akumuuza kuti iyeyo ndi waulesi komanso wakuba popanda kumutchula dzina. Ndipo mawu oti sadandaula aja mukawaganizira bwino tanthauzo lake ndi loti uyu tingamugwiritse maola 12 osamulipira ovataimu ndipo sanena kanthu.

Nkhani ya ovataimuyo inafika povuta ndithu. Lamulo la dziko lino, Basic Conditions of Employment Act ya 1997, limati maola wamba asapitirire 45 pa sabata, opitirira apo alipidwe kamodzi ndi theka, ndipo ife tinkadutsa pamenepo kutalitali payslip osaonetsa kanthu. Anzathu anaitanitsa msonkhano ndi mwini wake. Anayankhula, kumutchula dzina lake loyamba, kumuwerengera maola papepala, wina akugunda tebulo. Mwini wake atatembenukira kwa ife kutifunsa ngati nafenso tili ndi dandaulo, tonse atatu zii, anzathu a ku Zimbabwe nawonso zii. Mawa lake moni wanga sunayankhidwe. Mmodzi wa atsikana achixhosa aja, amene tinkadya naye mbale imodzi pa lanchi, anangondidutsa osandiyang'ana, ndipo kuseri ndinamva mawu oti impimpi, omwe nthawi ya tsankho ankatchulira anthu okaulula anzawo kwa apolisi. Amenewo si mawu amasewera kuno.

Tinadzakambirana ndi mtsikanayo mu taxi popita kudepoti ya Bree m'tauni, titakhala mpando wakumbuyo, iye ndi amene anayamba. Anati sisi, bwanji munatisiya tokha dzulo? Ndinamufotokozera kuti makolo athu anakula nthawi ya Kamuzu, kuyambira 1964 mpaka 1994, pomwe kutsutsa wamkulu pagulu kunkatha kukusowetsa, ndipo anatilera ndi mantha amenewo atasakanikirana ndi ulemu mpaka sitidziwa kuti izi ndi ziti izi ndi ziti. Ndinamuuzanso kuti kumbuyo kwanga kuli ana asukulu, feteleza wa mayi anga ndi ndalama ya pa Mukuru yomwe ikudikiridwa mwezi ukatha, ndipo ndikachotsedwa ine ndilibe agogo ku Eastern Cape koti ndikapumireko. Iye anandiuza zake, kuti bambo ake anali m'bungwe la ogwira ntchito zaka zija COSATU, mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito, inkayamba mu 1985, anagonapo muselo chifukwa cha sitalaka, ndipo chilichonse chimene wantchito ali nacho m'dziko lino, holide, ovataimu, tchuthi cha uchembere, anthu anachita kuchilimbirana mumsewu, palibe bwana anapereka mwa kufuna kwake. Ndiye kwa iye munthu amene wakhala chete pamsonkhano ndiye kuti waima mbali ya bwana. Palibe mwa awirife amene ankadziwa zimenezi za mnzake.

Njira yomwe tinapeza inali yosavuta. Iwo aziyankhula pakamwa poti anazolowera, ife tizisaina nawo kalata yadandaulo, ndipo aliyense azilemba maola ake mukabuku tsiku ndi tsiku, nthawi yolowa ndi yotuluka. Kalata yosainidwa ndi khitchini yonse bwana sangainyoze, ndipo sangaloze munthu mmodzi chala. Ovataimu inayamba kuoneka pa payslip. Apa ndionjezere zomwe ambiri sadziwa, malamulo antchito akuno amateteza aliyense amene walembedwa ntchito olo akhale wobwera, khoti la zantchito linagamula mu 2008 kuti ngakhale munthu amene permit yake yatha ndi wantchito ndithu ndipo CCMA, bungwe lomwe limamva milandu ya pakati pa antchito ndi mabwana, ingamve mlandu wake. Ukachotsedwa mopanda chilungamo uli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA ndipo sulipira kanthu. Malipiro otsikitsitsa mu Malichi 2025 anafika pa R28.79 pa ola ndipo amawaunikanso chaka ndi chaka. Ukavomera ochepera apo mwakachetechete sukungodzipweteka wekha, ukutsitsanso mtengo wa mnzako wakuno, ndipo iye akudziwa zimenezo. Masiku ano bwana akayamba kutiyamikira pagulu ndimayankha ndikumwetulira kuti khitchini ino timagwira tonse limodzi, ndipo ndimaonetsetsa kuti anzanga amva.

Chilankhulo nacho chimayambitsa timikangano tosaoneka. Atatufe tikayamba Chichewa n'kuseka, wina ali pomwepo akusenda anyezi, amaganiza kuti tikuseka iyeyo. Ifenso akayamba Chizulu chothamanga n'kutiponyera diso timaganiza chimodzimodzi, pomwe nthawi zambiri nkhani yake ndi ya mpira wa Chiefs ndi Pirates kapena ya kukwera kwa mtengo wa taxi. Mama anakhazikitsa kuti za ntchito zonse zikhale mu Chingerezi, macheza aliyense chake, koma ukaseka wina ali pafupi umuuzeko chomwe chikuseketsacho. Kalamulo kakang'ono koma kanathetsa miseche yambiri. Ndipo phunzirani moni wa aliyense, sawubona kwa Mzulu, molo kwa Mxhosa, dumela kwa Msotho ndi Mtswana, kuno kulowa pamalo osapereka moni ndi mlandu waukulu monga kwathu, ndipo ukamupatsa munthu moni m'chilankhulo chake nkhope imasinthiratu. Chizulu ndiye chofunika kwambiri ku Johannesburg, mu taxi, pamsika, paliponse, ndipo ifeyo sichitivuta kwenikweni poti mawu ambiri amafanana ndi athu, ingolimbani mtima muziyankhula olo azikusekani katchulidwe.

Ine chinandithandizanso ndi Chingoni changa. Mama atamva mfunda wanga anadabwa poti umapezekanso kwawo, ndiye ndinawafotokozera kuti Angoni a kwa Gomani makolo awo anachokera kunoku nthawi ya nkhondo za Shaka, ndinawaonetsa pafoni vidiyo ya ingoma ya pa Umhlangano ku Nkolimbo, zishango, nthenga kumutu, kuponda pansi kuja. Anaitana khitchini yonse kudzaonera. Ambiri akuno sadziwa chilichonse cha Malawi kupatula kuti kumachokera anthu ofuna ntchito, ndiye musadikire kuti akufunseni, auzeni za kwanu, aonetseni nyanja, phiri la Mulanje, ana anu atavala yunifolomu.

Sindikubisani, mantha alipo ndipo ali ndi chifukwa. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi obwera zinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa, mu Epulo 2015 zinavuta ku Durban mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu athu, mu Seputembala 2019 zinali mkati mwa Johannesburg muno, ku Jeppestown ndi ku Malvern masitolo akuyaka. Nthawi ya 2019 imeneyo amene anandiimbira foni m'mamawa kuti mwanangu usadzere m'tauni lero anali Mama, ndipo madzulo mnyamata wachipedi uja anandiperekeza mpaka pageti pa nyumba yomwe ndinkachita lendi. Ndikunena izi chifukwa aMalawi ambiri akafika amadzitsekera, kuntchito amacheza okhaokha, kutchalitchi okhaokha, pa WhatsApp okhaokha, ndiye zinthu zikavuta palibe mnzawo wakuno amene angawachenjeze kuti njira iyi lero si yabwino.

Za zipembedzo ndi miyambo ndiye ndingalembe mpaka mawa. Kunali mnyamata wina wachizulu yemwe ankatithandiza nthawi ina, anapita kumudzi kwawo n'kubwerako atavala kachikopa ka mbuzi pamkono, amati isiphandla, amavala pambuyo pa mwambo wa makolo ndipo sakavula mpaka kadzaduke kokha. Masiku oyambirira kamakhala ndi kafungo poti chikopacho chimakhala chachiwisi. Mwini wake anati avule chifukwa cha ukhondo wa chakudya, ndipo sanali kulakwa, oyendera zaumoyo akapeza zotere amatha kuvutitsa. Mnyamatayo anati kuli bwino ntchito ithe kusiyana n'kunyoza makolo ake, maso ali ofiira, epuloni wayamba kale kumasula. Amene anapeza nzeru ndi bambo wa ku Congo uja. Anatsegula kabokosi ka mankhwala, kumukulunga bandeji yoyera pamkonopo, pamwamba pake pulasitiki yokulungira chakudya ija, kenako gulovu, n'kumukweza dzanja kuti mwini wake aone. Mwini wake anayang'ana, kugwedeza mutu, nkhani inathera pomwepo. Ine ndine wa mpingo ndipo za mizimu sindichita nawo, koma sizinafunike kuti ndigwirizane ndi chikhulupiriro chake kuti ndione kuti bwana ankafuna chakudya chaukhondo, mnyamata ankafuna chikopa chake chisachoke, ndipo zonse ziwiri zinali zotheka.

Rosta yathu pano timaikonza motengera zimenezi. Mwezi wa Ramadan mnyamata wa ku Mangochi sitimuika pamoto, amakhala ku masaladi komwe n'kozizirirako, dzuwa likalowa timamupatsa mphindi zoti amasule, Lachisanu masana amapita kumzikiti n'kubweza maolawo madzulo, nkhumba sakhudza ndiye bekoni timadula ndife iye n'kutenga ntchito ina. Wachipedi uja ndi wa mpingo wa ZCC, amene amavala baji ya nyenyezi pachifuwa aja, Pasaka iliyonse mtima wake umakhala ku Moria, kulikulu la mpingo wawo, ndipo palibe amalimbana naye masiku amenewo. Mnzathu wachindebele ndi wa Seventh Day, kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka madzulo sagwira, zomwe mu lesitilanti nzovuta kwambiri poti ndi nthawi ya makasitomala, koma iyeyo ndi amene amatenga ma Sande onse kuti ife ena tipite kutchalitchi. Disembala atsikana achixhosa amafuna kukhala kwawo chifukwa ndi nthawi yomwe alongo awo amatuluka kuchinamwali, ndipo amene anamvetsa msanga kufunika kwake ndi wa ku Mangochi yemweyo poti kwawo kuli jando. Langizo langa ndi loti zinthu zimenezi uzinene tsiku lomwe ukulembedwa ntchito, kapena mu Januwale pokonza za chaka, osadikira kuti mawa ndi Eid ndiye ukuyamba kupempha. Bwana akadziwiratu amakonza, ukamudzidzimutsa amaona ngati ukufuna kujomba.

Pa 24 Seputembala, Heritage Day, aliyense amabwera atavala zakwawo ndipo timaphika zakwathu tikatseka. Ine ndimavala chitenje ndi duku, ndimaphika nsima ya ufa woyera ndi usipa ndi nkhwani wotendera. Mkangano wa pap, sadza ndi nsima kuti yabwino ndi iti sutha, koma chomwe chinandisangalatsa n'kupeza kuti pondu wa bambo wa ku Congo ndi chigwada chathu chomwechi. Musanyoze chakudya cha munthu, olo chikhale chachilendo bwanji lawani pang'ono.

Maliro ndiye amabweretsa kusamvana kwakukulu ndi mabwana. Kwathu munthu akamwalira lero mawa kapena mkuja tikuika, kuno ambiri amadikira Loweruka, nthawi zina sabata yathunthu kapena kuposa, ndiye amapempha tchuthi mwadongosolo. Ifeyo foni imabwera usiku, m'mawa tikufuna tikhale pa Park Station pokwerera basi. Lamulo limapereka masiku 3 pa chaka a zovuta zapabanja ndipo limatchula mwamuna kapena mkazi wako, makolo, agogo, ana, zidzukulu ndi abale obadwa nawo, pomwe basi yokha kukafika ku Malawi imadya pafupifupi masiku awiri. Ndiye uyenera kukhala pansi ndi manejala, kuphatikiza masiku atatuwo ndi a holide yako, n'kugwirizana tsiku lenileni lobwerera, lilembedwe olo pa WhatsApp. Palinso nkhani ya ubale. Kwa ife mayi aang'ono ndi mayi, bambo aakulu ndi bambo, mwana wa achemwali ndi mwana wako, amalume kwa ambirife ndi mwini mbumba. Ukauza mzungu kuti mayi anga amwalira pomwe chaka chatha unapitanso kukaika mayi, amaganiza kuti ukumunamiza, ndipo ndaonapo munthu akufunsidwa monyoza kuti kodi uli ndi amayi angati, ali pachisoni. Fotokozani bwinobwino, nenani kuti ndi mng'ono wa mayi anga amene anandilera, ndipo kwathu ameneyo ndi mayi. Anzathu achizulu ndi achixhosa amamvetsa msanga poti nawonso ubale amauwerenga choncho, angakuthandizeni kufotokoza.

Nawonso akaferedwa pitani. Perekani chipepeso, valani bwino, khalani mpaka kumanda. Mudzaona zachilendo, monga after tears komwe achinyamata amamwa ndi kuvina akachoka kumanda, mchemwali wa ku Mzimba anakhumudwa nazo kwambiri ulendo woyamba, koma ndi mmene ena akuno amapepesera mitima yawo ndipo si malo athu kukawadzudzula pamaliro pawo. Munthu amene unapita kumaliro a mayi ake saiwala. Pano tili ndi stokvel ya khitchini yonse, chipereganyu chathu chomwechi, ndipo mnzathu Mshona atamwalira bambo ake ndalama ya basi yopita ku Harare inatuluka mmenemo tsiku lomwelo.

Ndisanasiye ndinenepo za malire, chifukwa ndikuopa kuti wina angawerenge izi n'kuganiza kuti chilichonse uyenera kuchipirira poti ndi chikhalidwe cha eni. Mawu okweza si nkhondo, bambo wa ku Congo akamacheza pafoni ndi m'bale wake ungaganize kuti akumenyana pomwe akungofunsana za ana, ndipo mukhitchini umayenera kukuwa ukamadutsa kumbuyo kwa munthu ndi poto wotentha, zikomo wathu wapansipansi uja samveka. Zimenezo zizolowereni. Koma kukutcha kwerekwere, dzina lonyozera obwera, si chikhalidwe. Kukugwira m'chiuno kapena pamatako ukudutsa, kukuuza kuti shifti yabwino uipeza ukavomera zakuti, kukusungira pasipoti, kukudula malipiro chifukwa ndiwe wobwera, zonsezo ndi nkhanza ndipo malamulo akuno amaziletsa. Atsikana athu ambiri amakhala chete pa zoterezi chifukwa cha ulemu womwe uja ndi mantha a mapepala, ndipo wochitayo amadziwa kuti sanena. Zikakuchitikira muuze munthuyo pompo momveka kuti asiye, ena akumva. Lemba tsiku, nthawi ndi amene analipo, sunga mameseji onse osafufuta, uza mayi wamkulu amene umamukhulupirira pantchitopo kapena woimira bungwe la ogwira ntchito ngati alipo, ndipo bwana akapanda kuchitapo kanthu tenga kabuku kako upite nako ku CCMA, ofesi yawo ilipo m'tauni mwa Johannesburg momwemuno ndipo ungapite ndi mnzako wokuperekeza.